Chilombo Chili Kuseri kwa Tsamba

Mwana wanga ali ndi zaka zinayi adali ndi buku limodzi lomwe ankaliopa, ndipo lomwelo ndilo ankaliitanitsa usiku uliwonse. Tidaligula kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, chikuto chake chitaperepeseka kale m'makona. Pa mulu wonse womwe udayalidwa pansipo ine ndidaloza kabuku kowala ka bakha ndi ana ake, koma iye adatola lina. Pachikuto pake padali chinyama cha nyanga, mutu ngati wa ng'ombe, mapazi a munthu, chitakhala pansi pa mitengo chikuwodzera. Ndidamufunsa kuti, "Iwe, chimenechi sukachilota usiku?" Sadandiyankhe. Adangolifumbatira pachifuwa, ine n'kulipira.

Chomwe chidandigwira mtima m'masabata otsatira ndi kagwiridwe kake ka bukulo. Masamba oyamba ankandilola kutsegula ine. Tikayandikira pomwe zilombo zimatulukira, ankasanjika kadzanja kake pa tsamba n'kunena kuti, "Amayi, dikirani kaye." Ankapuma, n'kusuzumira pakona ngati munthu wovundukula mphika wowira, kenako n'kutsegula yekha kamodzin'kamodzi. Masiku ena ankafika pomwepo n'kulitseka, ati zakwana, tiwerenge lina. Mawa lake n'kulibweretsanso. Poyamba ndinkadziimba mlandu kuti ndamugulira chinthu chomusautsa. M'kupita kwa nthawi ndidaona kuti bukulo lidapangidwa kuti lizigwiridwa choncho. Luso la nkhani yoopsa ya mwana wamng'ono lagona pa kadzanja kameneka: mlembi wodziwa ntchito yake amakonza mantha mwa njira yoti wowatsegulira ndi wowatsekera akhale mwanayo.

Bukulo ndi Where the Wild Things Are, dzina lomwe m'Chichewa tingati Komwe Kuli Zilombo. Adalilemba ndi kulijambula ndi Maurice Sendak wa ku Brooklyn, mumzinda wa New York. Lidatuluka mu 1963, ndipo chaka chotsatira lidalandira mendulo ya Caldecott, yomwe ku America imaperekedwa kwa wojambula buku la ana lopambana pa chaka. Nkhani yake ndi yaifupi, mawu ake safika 350. Kamnyamata kotchedwa Max kavala chovala cha mmbulu n'kuyamba kusokoneza m'nyumba, mpaka kuthamangitsa galu ndi foloko. Mayi ake atakadzudzula, iko kawaopseza kuti kawadya, ndipo akatumiza kukagona osadya. M'chipindamo mumera nkhalango, kenako pabwera nyanja ndi bwato. Max awolokera ku dziko la zilombo, aziyang'ana m'maso osaphethira mpaka zigonja, zimulonga ufumu, avina nazo. Kenako asungulumwa, amva fungo la chakudya kuchokera kutali, abwerera, n'kupeza mgonero wake ukumudikira m'chipinda, usanazizire.

Ukangomva nkhaniyo chonchi sungadziwe chifukwa chake bukuli lakhala m'manja mwa ana zaka zoposa 60. Chinsinsi chili m'kukula kwa zithunzi. Chithunzi choyamba ndi chaching'ono, chili pakati pa tsamba lakumanja, chozunguliridwa ndi malo oyera ambiri ngati chithunzi chopachika pakhoma. Chachiwiri chakulirako. Nkhalango ikamamera, malo oyerawo amanka naphwa mpaka chithunzi chidzaza tsamba lonse, chisefukira ku tsamba lakumanzere, kenako chiyala masamba onse awiri, mawu n'kutsikira m'munsi. Pofika pa gule wa zilombo mawu atheratu. Katatu konse mwana amatsegula n'kupeza masamba awiri odzaza ndi zilombo zokhazokha, popanda chilembo ngakhale chimodzi. Wowerenga wamkulu pamenepa alibe ntchito, wangokhala chete, ndipo mwana ndiye amasankha kuti akhalapo nthawi yaitali bwanji. Wanga ankabangula, nthawi zina ankadumpha pabedi, nthawi zina ankathamangitsa masambawo mwaliwiro. Max akayamba ulendo wobwerera zithunzi zimayambanso kuchepa, mawu n'kubwerera m'malo mwake. Tsamba lomaliza lilibe chithunzi n'komwe, lili ndi timawu towerengeka tonena za kutentha kwa chakudya chija. Mwana wosadziwa kuwerenga amaumva ulendo wonsewu ndi maso. Amaona mantha akukula pang'onopang'ono, ndipo akawerenga kachiwiri amadziwa kuti akafika pachimake ayambanso kuphwa.

Palinso kukokana pakati pa mawu ndi zithunzi. Mawu amanena za mano, zikhadabo, maso ndi kubangula, zonse zoopsa. Ukayang'ana chithunzicho umapeza zinyama zonenepa, za miyendo yaifupi, zina zikumwetulira mopusa, zooneka kuti zikati zithamange zigwa. Khutu likamaopa, diso limaseka. Sendak adafotokozapo kuti poyamba ankafuna kujambula akavalo am'tchire koma adalephera kuwajambula bwino, ndipo nkhope za zilombozo adazitenga kwa abale a makolo ake, Ayuda ochokera ku Poland, omwe ankabwera kudzacheza kwawo iye ali mwana, kumutsina masaya n'kumanena kuti amudya. Aliyense wokulira pamudzi akuwadziwa azakhali otere, okunyamula mwamphamvu, okupsompsona usakufuna, okukonda mokuopsa. N'chifukwa chake zilombo za Sendak sizim'dabwitsa mwana kwenikweni. Adazionapo kale pa ukwati ndi pa maliro. Mayi ake a Max sawoneka pa chithunzi chilichonse m'buku lonselo. Timangowadziwira ku mkwiyo wawo poyamba ndi ku mbale ya chakudya pomaliza, ndipo mbale imeneyo ndiyo imanena zonse zomwe mlembi wosadziwa akadazilemba m'masamba awiri a kupepesana.

Mbale imeneyi ndiyo idandikumbutsa agogo anga. Kwathu nthano inkatsekedwa ndi chakudya. Wokamba akamaliza ankati tikaphule mbatata pamoto, ife tonse n'kuyankha kuti yapserera. Ndili mwana ndinkayesa kuti ndi mwambo chabe. Tsopano ndikuona kuti adali makwerero otsikira. Mwangotuluka kumene m'nkhalango momwe fisi amanola mpeni, mtima uli m'mwamba, ndiye wina akukukumbutsani za moto womwe mwauzungulira, za phulusa, za fungo la mbatata. Thupi limabwerera pakhomo. Sendak naye adafika pa nzeru yomweyo: mwana amene wamutengera kutali umubweze, ndipo umubwezere pomwe pali chakudya.

Nthano yomwe tinkaiopa kwambiri, yomwenso tinkaipempha kwambiri, idali ya mtsikana wokana amuna. Anyamata onse am'mudzi adawakana, kenako kudabwera mlendo wooneka bwino, n'kumulola. Popita kwawo kwa mwamunayo, kamlongo kake kakang'ono, konyozeka, ka maso a manthongo, kadawatsatira ngakhale ankakathamangitsa. Usiku, mtsikana ali m'tulo, kamnyamatako kadali maso, ndipo kadaona mlamu wake atasanduka fisi, anzake atazungulira nyumba, akupangana zodya mkwatibwi akanenepa. Kadamuuza mlongo wake, iye sadakhulupirire, mpaka kadamumanga chingwe kuchala kuti kamudzutse aone yekha. Mapeto ake kadasema nguli, n'kukwera ndi mlongo wakeyo m'dengu, n'kuuluka kubwerera kwawo. Taonani mmene nthanoyi idalukidwira. Woona zoopsa ndi wamng'ono kuposa onse, msinkhu wa womvera. Akuluakulu ali m'tulo kapena sakukhulupirira. Chomupulumutsa ndi choseweretsa chake. Mwana womvera nthanoyi amalowa m'nyumba ya afisi atavala khungu la munthu yekhayo amene akudziwa chochita.

Agogo adalibe masamba oti titsegule, koma adali ndi njira yawo yotipatsira chingwe. Akati "Padangokhala," ife tinkati "Tili tonse," ndipo yankho limeneli silinkathera pachiyambi. Linkabwera pakutha pa chiganizo chilichonse. Nthano inkayenda ndi chilolezo chathu. Mawu athu akayamba kuchepa, kapena kamodzi mwa ife kakasiya kuvomera n'kudzipanikiza m'chitenje chawo, agogo ankamva. Ankafupikitsa usiku wa afisi, kapena kumupatsa fisi mawu a m'mphuno kuti tiseke, kapena kuthamangira ku nyimbo. Nyimbo nayo idali ndi ntchito yake. Inkabwera katatu kapena kanayi, yosasintha, iwo kutsogolera ife kuvomera, ndipo pofika kachitatu tinkadziwa pomwe chilombo chitulukire. Chinthu chomwe ukuchiimbira nyimbo, chomwe ukudziwa nthawi yake yofikira, chimaopsa mokoma. Ndi mantha omwe aja a ana othawa gule liwiro la mtondo wadooka, kenako n'kuima patali, kucheuka, n'kuyambanso kumutsatira. Mtunda wa pakati pa iwo ndi chilombocho amauyeza okha.

Mwa mabuku a masiku ano, lomwe layandikira kwambiri kalukidwe ka nthano zathu ndi The Gruffalo la Julia Donaldson, lojambulidwa ndi Axel Scheffler, lomwe lidatuluka ku Britain mu 1999. Mbewa ikuyenda m'nkhalango ikumana ndi nkhandwe, kadzidzi ndi njoka, aliyense akufuna kuidya. Kuti ipulumuke ipeka chilombo chomwe ikuti ikukakumana nacho, ndipo kwa mdani aliyense itchula ziwalo zina: minyanga, zikhadabo, lilime, minga ya pamsana. Mwana amachimanga chilombocho m'mutu mwake chidutswachidutswa, akuseka pamodzi ndi mbewa poti onse akudziwa kuti kulibe. Kenako atsegula tsamba, chilombo chija chili poteropo, chathunthu. Kudzidzimuka kwake n'koona, koma palibe chiwalo chachilendo, zonse adazimva kale. Donaldson adatenga maziko ake ku nthano yakale ya ku China ya nkhandwe yomwe idayenda patsogolo pa chilombo cholusa n'kuchinamiza kuti nyama zonse zikuthawa iyo. Wokulira pa nthano za Kalulu sangaone chachilendo pamenepa. Ndipo bukuli nalo limathera pa chakudya: mbewa ili phee pamwala, ikudya mtedza.

Pali mtundu wina wa nkhani yoopsa womwe ndimaukana, ndipo ndi wakale ngati unzakewo. Mu 1845 dokotala wa ku Frankfurt, Heinrich Hoffmann, adatulutsa buku lotchedwa Struwwelpeter, lomwe poyamba adalipangira mwana wake wa zaka zitatu. M'menemo kamtsikana koseweretsa machesi kapsa mpaka kusanduka phulusa, kamnyamata kokana msuzi kaonda mpaka kufa, ndipo koyamwa chala kadulidwa zala zazikulu zonse ziwiri ndi telala wa sizasi yaikulu amene angolowa pakhomo mayi atachoka. Zithunzi zake zili ndi mphamvu, ndipo ena amati Hoffmann ankachita nthabwala. Koma yang'anani komwe mantha akuloza. Wolakwa ndi mwana, chilombo chabwera kudzagwira ntchito ya makolo, ndipo palibe njira yobwerera: zala zapita. Ifenso timalemba buku lomweli ndi pakamwa tsiku ndi tsiku. "Ukapanda kugona fisi akutenga." "Ndikuitanira apolisi." "Ukalira akubaya jakisoni." Pamenepa wamkulu waima mbali imodzi ndi chilombo, ndipo mwana watsala yekha. M'nthano ya agogo fisi adali kunja, ife tili pamwendo pawo. Kusiyana kwake n'komweko, ndipo sikudalira kutalika kwa mano a chilombo.

Zoopsa kuposa pamenepa ndi nkhani zopanda chitseko. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitafala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi madera oyandikana nawo, mabanja ankagona panja m'magulu ndipo anthu osalakwa adaphedwa. Ana adazimva zonsezo kuchokera pakamwa pa akuluakulu omwe nawonso ankanjenjemera. Nkhani yotere ilibe "padangokhala" woikankhira kutali, ilibe nyimbo, ilibe mbatata. Sitha. Chimodzimodzi mafilimu a ufiti omwe mwana amawaonera pa foni ya mkulu wake kapena pa kanema wa pabalaza akulu akucheza: nkhope imatulukira nthawi yomwe wopanga filimu wafuna, phokoso limagunda mtima usanakonzeke, ndipo kadzanja kaja kalibe poti kagwire. Makolo ambiri amene amabisa buku la chilombo amasiya kanema ali chiyakire. Ine ndikadati ndisankhe choti ndichotse m'nyumba, bukulo likadatsala.

Vuto lathu akuluakulu ndi loti sitidziwa kulosera chomwe chiopse mwana. Abale awiri a ku Germany, Jacob ndi Wilhelm Grimm, adatulutsa nthano zawo koyamba mu 1812, ndipo ankazikonzakonza mpaka kusindikiza kwachisanu ndi chiwiri mu 1857, pofuna kuti zikomere mabanja. M'kusindikiza koyamba, amene adakakamiza bambo kukataya Hansel ndi Gretel m'nkhalango chifukwa cha njala adali mayi wawo wowabereka. Pofika 1840 adasanduka mayi wowapeza. Mfiti yodya ana ndi ng'anjo yake adazisiya momwemo. Adateteza dzina la mayi wobereka, katundu yense n'kumusenzetsa mayi wopeza, ndipo mpaka lero amayi ambiri olera ana a anzawo mwachikondi akulipirabe ngongole imeneyo. Nalo buku la Sendak lidakumana ndi olosera. Katswiri wa maganizo a ana, Bruno Bettelheim, adalidzudzula m'magazini ina mu 1969, kunena kuti kutumizidwa kukagona osadya ndi mayi ako ndi chinthu chosautsa mwana kwambiri, ngakhale adavomera kuti bukulo adali asanaliwerenge. Yemweyo mu 1976 adalemba buku lonse loikira kumbuyo nthano zoopsa zakale.

Mwana wanga sankaopa mano, sankaopanso za chakudyazo. Nditamufunsa tsiku lina masana, tikusenda nandolo, kuti chimamuopsa n'chiyani m'bukumo, adati ndi pomwe miyendo ya bedi imasanduka mitengo ndipo makoma amasowa. Tsamba limenelo ine ndinkaliyesa lokongola kuposa onse. Kwa iye lidali kunena kuti chipinda chomwe amagonamo chikhoza kusungunuka. Ndikadakhala kuti ndikumusankhira ndi kumudumphira masamba, ndikadabisa zilombo zomwe ankazikonda n'kumusiyira nkhalango yomwe inkamusowetsa tulo.

Akuluakulu adati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Mwambiwu nthawi zambiri timaunena mokwiya, kutanthauza kuti msiyeni aone zomwe akufunazo. Pa nkhani ya mabuku ndimautenga mofatsa. Kumulola kusankha kumamupatsa mpata woyeza mtima wake pa chinthu chomwe sichingamulume. Mwana amene watola yekha buku pashelefu ya laibulale, kapena pa mulu wa pamsewu, walowa m'nkhaniyo ndi miyendo yake, ndipo wolowa yekha amadziwa kuti akhoza kutulukanso. Amene wapatsidwa ndi wamkulu amaona ngati ayenera kupirira mpaka kumapeto kuti asakhumudwitse munthu. N'chifukwa chake kusankha kokha sikukwanira. Pamafunikanso ufulu wotseka pakati popanda kunyozedwa kuti ndi wamantha, wodumpha tsamba, ndi wobwereza buku limodzi masiku makumi awiri ngakhale wowerenga watopa nalo. Kubwerezako ndiyo ntchito yeniyeni. Ulendo uliwonse chilombo chimafika pa tsamba lomwelo, sichisuntha, ndipo mwana amachipeza chitachepako.

Pali kabuku kena ka ku America ka 1971, The Monster at the End of This Book, kolembedwa ndi Jon Stone, komwe kadaika nzeru imeneyi poyera. Grover, chidole cha pulogalamu ya ana ya Sesame Street, wamva kuti kumapeto kwa bukulo kuli chilombo, ndiye akuchonderera wowerenga kuti asatsegule tsamba lotsatira. Amanga masamba ndi zingwe, akhomerapo matabwa, amanga khoma la njerwa, ndipo mwana akatsegula zonse zimagumuka. Kumapeto chilombo chija ndi Grover yemweyo. Wamantha ali m'buku, wolimba mtima ndi amene wagwira tsamba. Sindikaika pa mlingo umodzi ndi la Sendak, poti nthabwala yake ndi imodzi ndipo ikadziwika yadziwika, koma aliyense wofuna kulembera ana aang'ono akaone, aphunzire kuti kutsegula tsamba ndi chida cha mlembi monga momwe kupuma kulili chida cha woimba.

Sindikunena kuti wamkulu angopinda manja. Mawu oti "padangokhala" amagwira ntchito pokhapokha nkhaniyo ilidi kutali. Mwana wa ku Chilobwe amene adaona matope ndi miyala zikutsika m'phiri la Soche usiku wa namondwe Freddy mu Malichi 2023 sangamve nkhani ya Napolo kapena ya madzi osefukira ngati nthano. Kwa iye ndi dzulo. Mwana amene mayi ake adamwalira chaka chatha angafune nthano ya mwana wamasiye, kapena angaithawe, ndipo woyenera kuona nkhope yake ndi amene wamufungatira. Ngakhale mfundo ya Bettelheim ija, yomwe ndimaiona yofooka pa ana a m'nyumba zokhuta, imalemera mwina ikafika kuno. Max akugona osadya monga chilango cha usiku umodzi m'nyumba momwe chakudya chilimo. Mwana amene amadziwa kugona ndi njala mu Febuluwale, nkhokwe itapanda kanthu, akumva nkhani ina. Wamkulu amadziwa zomwe mwana wadutsamo, ndiye ntchito yake ndi kuyala mabuku oyenera msinkhu, kukhala pafupi, kusankha nthawi. Buku lomwe likuvuta usiku liwerengedwe masana pakhonde. Ndipo ngati mantha atuluka m'buku n'kuyamba kumutsatira mwana kuchimbudzi, kusukulu ndi m'tulo kwa masiku ambiri, bukulo lipume kaye pamwamba pa kabati.

Chinthu chimodzi chomwe ndidaphunzira kusachita ndi kunama pomasulira. Mabuku a zithunzi ambiri omwe amafika m'manja mwathu ndi a Chingerezi, ndiye timawerenga tikutembenuza m'Chichewa pomwepo, ndipo mayesero amakhalapo ofewetsa: kunena kuti chilombo chikungosewera pomwe chithunzi chikuonetsa kuti chakwiya. Mwana amakhulupirira chithunzi. Akaona kuti mawu ako ndi chithunzi zikusiyana amadziwa kuti pali chomwe ukubisa, ndipo chobisika chimaopsa kuposa chooneka. Ndi bwino kunena kuti inde, chakwiya, tiye tione chomwe Max achite.

Izi zimandifikitsa kwa alembi ndi ojambula athu. Nkhani zoopsa tili nazo zambiri, ndipo ndi zamphamvu. Amene adawerenga Sikusinja ndi Gwenembe la J. W. Gwengwe akukumbukira mbalame ija youlula imfa ya munthu wophedwa ndi mbale wake, yobwerabwera ngakhale aithamangitse. Koma tikamasamutsira nthano m'mabuku a ana aang'ono timazichotsa mano, kenako n'kuzimangirira phunziro kumchira. Fisi amajambulidwa ngati galu wa pakhomo. Usiku wonse wa kamnyamata kaja umapanikizidwa m'ndime imodzi pansi pa chithunzi chimodzi, moti chilombo chimaoneka mawu asanachitchule, ndipo palibe tsamba loti mwana aligwire mtima ukugunda. Nyimbo imachotsedwa poti ikudya malo. Pamapeto, m'malo mwa mbatata, pamabwera funso loti nthanoyi ikutiphunzitsa chiyani. Mwana amene amayembekezera kubwerera pamoto amapezeka ali m'kalasi. Zomwe agogo ankachita ndi mawu, kupuma ndi maso awo ziyenera kupezedwa malo pa pepala, ndipo malo ake ndi kukula kwa chithunzi, poduka chiganizo, ndi chomwe chabisidwa kuseri kwa tsamba. Ndikulakalaka nditaona buku la mtsikana wokana amuna lomwe tsamba lakumanja likuthera pa kamnyamata kali maso mumdima, kakumva mapazi kunja, afisi ali mbali inayo kudikira kuti mwana awatsegulire akafuna. Kenako masamba awiri opanda mawu, dengu lili m'mwamba, midzi ili pansi, afisi akuchepa.

Usiku wina, titatha kuwerenga mpaka kumapeto, mwana wanga adandipempha kuti bukulo lisagone m'chipinda mwake. Ndidati ndikaliika pabalaza. Adakana, ati alipititsa yekha. Adatsika pabedi, adaliika pansi pa mpando, n'kulivundikira ndi beseni lochapira, pamwamba n'kusanjikapo nsapato ya bambo ake. Adabwerera n'kugona tulo tofa nato. M'mawa, ndisanayatse mbaula, ndidamva beseni likugubuduka, kenako mapazi ake akubwera kukhitchini. "Amayi," adatero, bukulo lili kukhwapa, "lero muyambire pa mitengo paja."